Belu la a Zelipa

Mukamachokera ku Chipata kulowera ku Chiparamba, pali mtengo wa mango m'mbali mwa msewu, pansi pake pothimbirira ndi mafuta akuda. Pamenepo ndi pomwe a Fackson Sakala anakhala zaka makumi awiri akukonza njinga. Ndi munthu wamfupi, wosalankhulalankhula. Ukabwera ndi njinga sankakufunsa vuto. Ankangoti, "Tayendetsani," n'kutchera khutu, kenako n'kukuuza kuti sipoko ziwiri zamasuka kumbuyo. Pakamwa m'banjamo panali pa akazi awo, a Zelipa, amake Chipo, amene ankayambitsa nyimbo mumphakati wathu, kagulu kathu ka mapemphero a tchalitchi. Akayamba kuimba, mawu ankakafika mpaka kudimba.

Chaka chomwe mtedza unabereka kwambiri, a Zelipa anagwa m'munda akukumba. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anabwerako mbali yakumanja itafa, pakamwa patapotoka, mawu kulibe. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Chipo, ali pabanja ku Kitwe. Anabwera, analira, nabwerera kwa ana ake.

A Fackson anasamutsa zitsulo zawo pamtengo paja n'kuzibweretsa pakhonde. Anayamba kuphika, kusesa, kuchapa zitenje, kusambitsa akazi awo. M'mawa ankafika pamjigo ndi zigubu, n'kuima pamzere pakati pa ife azimayi.

Ndiye mukanatimva! "Khuzumule uja anadyetsedwa kale wagwira tsopano," anatero Agnesi, mnzathu wa mumphakati, tsiku lina, akunena mankhwala opusitsa mwamuna. Tinaseka mpaka kugwira m'mimba. Ine Monika, wapampando wa mphakati, korona ali m'khosi, ndinaseka nawo. Palibe mmodzi mwa ife amene anati, "Bweretsani chigubu chimodzi ndikusenzereni."

Kukazonda tinkapita, osanama. Lachinayi lililonse tinkafika khumi, n'kudzaza mphasa, n'kupemphera mokweza ngati Mulungu ndi wogontha. Tikatha tinkayamba kukambirana za wodwala iye ali pomwepo. "Wawonda." "Maso awa akuona koma?" "Azakhali anga anatero, sanathe chaka." A Zelipa ankatiyang'ana, ife n'kumati sakumva. A Fackson amakhala ali kukhitchini, kutiwiritsira mbatata alendo olemekezekafe.

Iwo okha ndi amene anazindikira kuti akazi awo akumva zonse. Anachotsa belu panjinga yakale n'kulimanga pampando wa a Zelipa, kumanzere komwe chala chinkagwira ntchito. Kuliza kamodzi kunali kuvomera, kawiri kukana. Ndinkawamva ndikamadutsa.

"Amake Chipo, phala lija muli mchere wokwanira?"

Ngiri.

"Tikutulutseni padzuwa?"

Ngiri, ngiri.

"Chabwino, akuluakulu akana."

Ife tinkati mkuluyu mutu wayamba kusokonekera, akucheza ndi belu.

Tsopano apa ndi pamene pamandiwawa. Tsiku lina ndinaona a Fackson akuyanika nsalu zamkati za akazi awo kuseri kwa bafa, ndipo ndinamva chomwe ndinkachitcha chifundo. Ndinati mayi mnzanga akuchititsidwa manyazi, mkazi amasambitsidwa ndi akazi anzake. Sindinafunse a Fackson. Sindinafunse a Zelipa, ngakhale belu linali pomwepo. Ndinangoimbira foni mlongo wawo wa a Zelipa, a Boaz, ku Mtenguleni, n'kuwauza kuti abwere adzatenge mlongo wawo akasamalidwe ndi azimayi akwawo. Ndinagona bwino tsiku limenelo, ndikudziona ngati mngelo.

A Boaz anabwera Loweruka ndi kagalimoto kabokosi kumbuyo, atavala jekete kunja kukutentha. Mudzi wonse unasonkhana.

"Alamu, mwayesetsa," anatero. "Koma izi si za mwamuna. Tikuchita kusekedwa nazo."

A Fackson anavula chipewa. "Alamu, afunseni eni ake."

Anagwada pafupi ndi mpando. "Amake Chipo, mukufuna kupita ku Mtenguleni?"

Ngiri, ngiri. Kenako kawirinso, mwamphamvu, mpaka mpando kugwedezeka.

"Ndi dzanja likungonjenjemera ilo," anatero a Boaz. Ife tonse tinagwedeza mitu kuvomereza, chifukwa zinali zosavuta kukhulupirira jekete kusiyana ndi belu la njinga. Ananyamula a Zelipa n'kuwagoneka pamatiresi kumbuyo kwa galimoto. Mpando anati sukwana. Unatsala pakhonde, belu lili pomwepo.

A Fackson sanatukwane munthu, ndipo bola akanatitukwana. M'mawa uliwonse ankakwera njinga kupita ku Mtenguleni, kakontena ka phala atamanga pakaliyala, n'kubwerako dzuwa litapendeka. Pamjigo nyimbo inasintha. Agnesi yemwe uja anayamba kunena kuti, "Koma pali chikondi apa, amuna athuwa ataonerako." Ndinalakalaka kumuthira madzi a m'ndowa, koma ndinakumbukira amene anaimba foni.

Patatha milungu itatu ndinawaimitsa pamsewu kufunsa za odwala.

"Sakudya, Mayi Wapampando," anandiyankha. "Amangodya ine ndikafika. Amawapatsa phala la shuga, pomwe iwo amadana nalo kuyambira ali mtsikana. Amawagoneka kumbali yomwe imapweteka. Si nkhanza ayi, anthu aja akuyesetsa. Kungoti safunsa."

"Nanga belu lija?"

Analitulutsa m'thumba la malaya. "Alamu anati m'nyumba mwawo musamveke zoseweretsa."

Mawa lake ndinapita nawo. Ndinapeza a Zelipa atagonekedwa m'chipinda chamdima, atasambitsidwa bwino, atadzozedwa mafuta, maso ali kukhoma. Thupi linali litatha. Akuluakulu anati ali dere n'kulinga utayenda naye, koma ife tinaweruza banja lija titangosuzumira kuseri kwa bafa.

Sindikumbukira zonse zimene ndinalankhula pakhomo pa a Boaz, koma akuti nkhuku zinathawa. Ndinawauza kuti amene anawaitana ndine, ndipo ndinalakwa. Ndinalanda belu m'manja mwa a Fackson n'kuliika pansi pa chala cha a Zelipa.

"A Boaz, mukuti dzanja limangonjenjemera? Funsani chimene inu nokha ndi alongo anu mukudziwa."

Anakanda m'mutu. Kenako anawerama. "Achemwali, mayi athu anaikidwa ku Katete?"

Ngiri, ngiri.

"Anaikidwa konkuno, pafupi ndi mtengo wa mkuyu?"

Ngiri.

Bambo wamkulu uja anakhala pansi pa dothi, jekete ndi zonse. Milungu itatu anakhala ndi mlongo wawo m'nyumba, osawalonjera n'komwe. Anafunsa okha funso lotsatira, ngati a Zelipa akufuna kubwerera kwa amuna awo. Belu linalira kamodzi.

Lero a Zelipa ali pampando wawo pakhonde. Thupi labwererako pang'ono. A Fackson akukonzabe njinga pambali pawo, ndipo makasitomala anaphunzira kupereka moni kwa onse awiri. Mumphakati tinagawana masiku otunga madzi, ndipo amene wayamba kukamba za wodwala ngati palibe ndimamutulutsa ndekha. Mbatata timabwera nayo yophikaphika.

Tsiku lina a Fackson atapita kukagula machubu mutauni, ndinatsala ndi a Zelipa awiriwiri. Ndinawapesa tsitsi, nditayamba ndafunsa. Kenako ndinagwada pomwe amagwada amuna awo.

"Amake Chipo, mukudziwa kuti ndine ndinaimba foni ija?"

Ngiri.

"Mwandikhululukira?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, chala chili pabelu.

Ngiri, ngiri.

Ndinatenga zigubu zawo n'kupita kumjigo.