Nsalu Yofiira pa Ampulifaya ya a Kafanikhale

A Gideoni Benjamini Kafanikhale, a zaka 73, ndi mlimi wa chimanga ndi fodya kufupi ndi Bowe, m'boma la Dowa. Anansi awo amawadziwa pa zinthu ziwiri. Choyamba, palibe amene anawamvapo akukweza mawu pa munthu. Chachiwiri, ndiwo akhala akuimba gitala mu kwaya ya mpingo wathu kuyambira ine ndisanabadwe.

Gitalayo imamveka kudzera mu ampulifaya, bokosi lokuzira mawu, imene anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni m'chaka cha 1975. Anzawo anabwera ndi njinga ndi masuti. Iwo anatsika basi atasenza chibokosi cholemera makilogalamu khumi ndi asanu ndi atatu, ndipo m'mudzi anachitcha Mkamwini, popeza chinachokera kutali n'kukhazikika.

Ampulifayayo ndinaiyang'anitsitsa ndekha, choncho ndikhoza kuifotokoza molondola. Bokosilo ndi lathabwa, lokutidwa ndi chikopa chakuda chimene chinasupuka m'makona onse anayi. Chogwirira chinaduka kale, ndipo m'malo mwake anakhomerapo lamba wa chigayo. Kutsogolo kuli sipika imodzi ndi zopotokola zinayi, koma chimodzi mwa izo ndi chivindikiro cha botolo la mankhwala. Kumbuyo n'kotsegula. M'menemo muli mababu asanu agalasi amene amayaka ngati makala, ndipo ndiwo amakuza mawu. Ampulifaya za masiku ano zilibe mababu otere. Masiwichi ndi awiri: a Gideoni amayatsa yoyamba, n'kudikira mphindi ziwiri manja ali kumbuyo kuti mababu afunde, kenako n'kuyatsa yachiwiri. Pa zaka zonsezi, kaya pa jenereta kaya pa magetsi, sanafupikitsepo mphindi ziwirizo.

Mu Juni chaka chatha, amayi a Chigwirizano, motsogozedwa ndi mayi Kezia Nangondo, anaona kuti n'zochititsa manyazi kuti chinthu chotumikira m'nyumba ya Mulungu chizioneka chong'ambika, komanso chizikhala pambalambanda m'chisanu cha ku mapiri kuno. Anasoka chofunda cha nsalu yochindikala yofiira, chokuta bokosi lonse kupatula sipika ndi zopotokola, ndipo analukapo mawu akuti "Zikomo a Kafanikhale". Anachipereka pakati pa mapemphero. Abusa anapempherera, amayi analuluta, mayi Kezia anaiveka okha.

Kuyambira tsikulo ampulifaya inayamba kudwala. Nyimbo yoyamba inkamveka bwino, yachiwiri inkasasa, ikafika yachitatu mawu ankazilala, ndipo pa mabenchi akutsogolo pankamveka fungo ngati la simbi yoiwalidwa pa malaya.

A Bryson Chagunda, mlembi wa mpingo amenenso ndi mlamu wawo wa a Gideoni, anawaimitsa pakhonde Lamulungu lachitatu.

"Alamu, Mkamwini wanuyu wakalamba. Akufuna kubwerera kwawo."

"Akalamba ndinu, alamu. Uyu akungopuma."

"Azikapumira kunyumba. Akulu a mpingo agwirizana kuti akakhalanso chete pa Lamulungu la zopereka za masika, achinyamata abweretse kiyibodi yawo. Inu mudzakhale pa benchi ndi ife, muziimba ndi pakamwa."

A Gideoni anangoti, "Ndamva."

Popeza ndinaphunzira zamagetsi ku koleji, a Bryson anandipempha kuti ndiipime ampulifayayo, akuluwo asaoneke ngati agamula mopanda umboni. Ndinapita Lachinayi masana. Ndinayeza fyuzi, mawaya ndi sipika, ndipo zonse zinali bwino. Mababu anali akuda pang'ono kumutu, koma palibe limene linali litapsa. Ndinaiyatsa yosavala kwa ola lathunthu, siinasase. Nditaiveka, pasanathe mphindi makumi awiri, kumbuyo kwake sikunkagwirika. Nsaluyo inkatseka njira yotulukira kutentha.

Ndinawafotokozera a Gideoni zimenezi mwatsatanetsatane, iwo akumvetsera mpaka ndinamaliza.

"Mwana wanga, waphunzira ndithu," anatero. "Ine ndinadziwa zimenezo tsiku lomwe anaiveka."

"Nanga bwanji simunavule, agogo?"

"Mayi Kezia anasoka masabata atatu, diso limodzi lili ndi ng'ala. Abusa anasanjikapo manja. Ndiye ine ndiimirire pamaso pa mpingo, ndivule, ndipinde, ndiike pambali ngati chiguduli? Sukulu yako inakuphunzitsa mmene amachitira zimenezo?"

Ndinavomera kuti sinandiphunzitse. Ndinapempha kuti ndilembe lipoti kwa akulu a mpingo, koma anakana, nati lipotilo likawerengedwa, mudzi wonse udzanena kuti amayi ndiwo anapha Mkamwini.

Tsiku la zopereka za masika linafika kumapeto kwa Julaye. Anthu ankalowetsa matumba a chimanga, mtedza ndi nyemba, n'kumaunjika kutsogolo. Achinyamata anali atabweretsa kale kiyibodi yawo, ili m'katoni pafupi ndi chitseko. A Gideoni anatulukira atanyamula katebulo kakang'ono ka kunyumba kwawo, kamene amaikapo wailesi. Anakaimika pambali pa kwaya, napita kumene kunakhala mayi Kezia, nawerama chipewa chili m'manja.

"Mayi, tandithandizani. Manja angawa sadziwa kuyala nsalu."

Mayi Kezia anadzuka osamvetsa. A Gideoni anavula chofundacho pang'onopang'ono, nawapatsa mbali imodzi, ndipo awiriwo anachiyala pa katebulo, mawu olukidwa aja akulendewera kutsogolo pamene aliyense ankawawerenga. Kenako anakweza ampulifaya pamwamba pake. Mayiwo anabwerera pamalo pawo milomo ili yothina. A Gideoni anayatsa siwichi yoyamba, naima manja ali kumbuyo.

Kwaya inaimba nyimbo zisanu ndi ziwiri. Ndinaziwerenga. Mawu a gitala anali onenepa ndi ofunda kuyambira yoyamba mpaka yomaliza, ndipo katoni ya kiyibodi siinatsegulidwe. Potuluka, a Bryson anagwedeza mutu nati, "Alamu, mwamumwetsa chiyani?" Sanadikire yankho.

Amene anadikira yankho ndi mayi Kezia. Anaima pafupi ndi katebulo, amayi anzawo ali kumbuyo kwawo, nagwira m'mphepete mwa nsaluyo.

"Abambo Kafanikhale, ife tinasoka chovala, inu mwasandutsa choyala. Sichinakukomereni?"

Ndinali pomwepo ndikukulunga waya, ndipo yankho la a Gideoni ndinalilemba tsiku lomwelo monga analinenera:

"Chinandikomera, mayi, n'chifukwa chake ndachiika poti onse achione. Koma kwathu kuno amene timamufunditsa mpaka kumutu ndi amene watisiya. Uyu akadapuma. Wamoyo timamuyalira."