Zoyera za pa Purosesa

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene amayi ananditumiza kwa amalume ku Dambwa North kuti ndikaphunzire m'tauni. Iwo anatsala pa famu ku Kalomo. Amalume sanandifune, ndipo sanabise. Ntchito yanga pakhomopo inali kupukuta. Nalimata akagwetsa zitosi zake zoyera pawindo kapena pa tebulo lawo la ntchito, ine osaziona, khutu langa ndilo linkalipira.

Amalume ankakonza mawailesi, koma kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anayamba kulandiranso makompyuta a m'maofesi a alendo odzaona mathithi. Loweruka lina mu Okutobala, kutentha kuli phuliphuli, anasiya kompyuta ya mzimayi wina wa ofesi yotere ili chitsegukire. Anandiponyera kansalu.

"Fumbi chabe. Nikabwela nipeze yoyela."

Ndinapukuta paliponse. Kenako ndinafika pa kafani koziziritsa, kokhala pamwamba pa chitsulo cha mano ngati chipeso. Fumbi linali litalowa m'manomo, choncho ndinamasula kokowera n'kuchinyamula. Pansi pake panali purosesa, ubongo wa kompyuta, kambale kamakona anayi, ndipo pamwamba pake panamatira zoyera zouma. Sindinakayike. Ndinati nalimata wafika mpaka muno. Ndinatenga lezala n'kupala mbali zonse ziwiri mpaka zinawala, ndipo ndinabwezera chitsulocho ndili wonyada.

Masana mzimayi uja anabwera. Amalume anayatsa kompyutayo akumwetulira, kumwetulira komwe ife a m'nyumba sitinkakuona. Patapita mphindi zochepa inauma, osasuntha kanthu. Anazimitsa, nayatsanso. Inaumanso. Mzimayiyo ananyamula chikwama chake, nati adzatuma munthu Lolemba kudzaitenga, ikapite kwa wina.

Atangotuluka, amalume anakhudza chitsulo chija n'kuchotsa chala msanga. Anachinyamula, naona kuwalako.

"Iwe, bwela kuno. Pesiti ili kuti?"

"Ba Malume, nenze naganiza ni matuvi ya nalimata."

"Matuvi ali mumutu mwako. Ngati yapya iyi, mawa ukwela basi ya ku Kalomo. Sukulu ukaphunzile ku ng'ombe."

Sanandimenye tsikulo. Anandikhazika pa mpando wawo, nandiyimirira kumbuyo, mpweya wawo ukundigunda pakhosi. Anandipatsa thonje ndi sipiriti kuti nditsuke mbali zonse ziwiri, kufikira thonje lituluke loyera. Fungo la sipiriti linandiwawa m'maso. Kenako anandipatsa kachubu ka pesiti. Anati zitsulo ziwiri, ngakhale zioneke zosalala, sizigwirana ponse. Pamatsala timipata tomwe diso siliona, ndipo phala loyeralo ndilo limadzaza timipatato kuti kutentha kuchoke pa purosesa. Ndinafinya kwambiri.

"Si buledi iyo! Pukuta, uyambe futi. Monga kambeu ka mpunga."

Ndinabwereza katatu. Kachinayi ndinapaka mopyapyala, n'kutsitsa chitsulocho osachigwedeza.

"Ukachinyamula futi, yakale siyibwelela," anatero. "Upukuta, uika yanyowani."

Anayatsa, nandiuza kuti ndiime pomwepo. Ndinaima ola lathunthu, thukuta likutsika m'miyendo, ndikumvetsera kafani kaja ndi kuganiza za basi. Kompyutayo sinaume. Amalume anangoti, "Wapulumuka," n'kupita kukasamba. Ndinakhala m'nyumba imeneyo zaka zina zisanu ndi chimodzi, mpaka ndinapita ku koleji, ndipo lero makompyuta ndiwo ntchito yanga.

Mkazi wanga anamwalira miyezi isanu yapitayo. Sabata yatha amalume anabwera kwanga ku Nottie Broadie, atakalamba koma mawu ali omwe aja. Anaona botolo la mafuta odzola a malemu mkazi wanga pawindo, ndi pomwe mafutawo anadontha n'kuumira pa thabwa. Anapakanda ndi chikhadabo.

"Ukali mwana iwe. Yakale siyibwelela. Pukuta, uike yanyowani."

Ndinawagwira dzanja n'kulichotsa pamenepo. Ndinawaperekeza mpaka pa geti.

Pa makina amalume amanena zoona, ndipo ndimachita monga anandiphunzitsira. Koma chomwe ndinatola tsiku lija si chimene iwo ankaphunzitsa. Ndinapala chinthu chifukwa chinkaoneka ngati litsiro, ndisanadziwe ntchito yomwe chinkagwira. Dontho lija likadali pawindo. Sindinadziwebe chomwe likundigwirira, ndipo palibe amene adzalikhudzenso.