Mtsinje wa a Jailos

A Jailos ankathyola tiyi pa esiteti ina kufupi ndi Limbuli, mzere woyandikana ndi wanga. Anabwera ali mwana kuchokera kwa Apwitikizi, ndipo pakhomo la sukulu sanapondepo. Zimenezi zinkawapweteka mumtima. Chimene ankachilakalaka padziko pano n'chakuti mwana wawo Dainess adzapite kusukulu yogonera komweko ku mishoni. Malo a atsikana kumeneko anali ochepa, ndipo wosankha anali woyendera sukulu, amene ankabwera kamodzi pachaka kudzafunsa ana mafunso.

Cha m'ma 1955, a Filipo a sitolo pa Limbuli anagula wayilesi ija yooneka ngati poto. Madzulo alionse, nyimbo zisanayambe, munthu wa m'wayilesimo ankangoti yankho la funso lija ndi lakutilakuti, osabwereza funsolo, kenako n'kusiya lina latsopano loti anthu agone nalo. A Jailos ntchito sinkawalola kupitako tsiku lililonse. Ankapezekako Lachitatu ndi Loweruka basi, pokagulitsa nandolo wa akazi awo. Ndiye funso ankalimva Lachitatu n'kulisunga bwinobwino m'mutu, yankho n'kukalitola Loweruka, osadziwa kuti pakatipa padutsa mafunso ena. Ifenso sitinkadziwa.

Kukacha m'munda wa tiyi ankatigawira nzeruzo, kaya wafuna kaya sunafune. Anatiphunzitsa kuti nyama yotha masiku ambiri osamwa madzi dzina lake ndi Kilimanjaro. Anatiuza kuti apongozi pa Chingerezi amati Sahara, ndipo anthu ena anakayesa kunyumba. Tsiku lina funso linali la chaka chimene njanji inafika ku Blantyre, yankho n'kubwera loti njovu. Apo pokha a Jailos anakanda mutu sabata yathunthu, kudya osakoma, mpaka anagamula okha kuti azungu zaka zawo amazipatsa mayina a nyama. Ife mitu inkangozungulira, koma munthu wosadziwa kulemba ngakhale dzina lako ukanatsutsa bwanji zochokera m'wayilesi? Ine ndinkangovomera, manja ali pa masamba.

Wophunzira wawo weniweni anali Dainess. Akaweruka ankamukhazika pakhonde n'kumubwerezetsa zonse, iye maso ali pansi. Mwa zonsezo ankanyadira kwambiri chimodzi, chakuti mtsinje wautali kuposa yonse mu Afirika ndi Ajekitivi. Ankalitchula dzinali mokoka, ngati anakasambako. Ankati Ruo wathuyu ndi ngalande chabe poyerekeza ndi Ajekitivi.

Tsiku la woyendera sukulu litafika, makolo tinadzaza m'mawindo a kalasi, ine chifukwa cha mphwanga, a Jailos atavala jekete lobwereka. Dainess anayankha bwino masamu, anawerenga Chingerezi osagwira njakata. Atsikana otsala anali awiri, malo amodzi. Woyenderayo anafunsa Dainess dzina la mtsinje wautali kuposa yonse mu Afirika.

A Jailos anandigwira mkono mpaka kundipweteka. Nkhope yawo inawala, mutu unayamba kugwedera yankho lisanatuluke. Dainess anayang'ana aphunzitsi ake, n'kuyang'ananso kuwindo. Kenako ananena motsitsa mawu kuti Ajekitivi.

Ana anaseka mpaka ena kugwa pamabenchi. Aphunzitsi anagwira pakamwa. Woyenderayo anafunsa ngati mwanayu akuchita chipongwe, ndipo malo anapatsidwa mtsikana winayo, amene anati Nailo.

A Jailos sanamvetse chilichonse. Njira yonse ankandifunsa ngati woyenderayo anaphunziradi, ngati mwina mtsinjewo uli ndi mayina awiri monga mmene phiri lathuli ena amati Mulanje ena Mlanje, ngati mwina kuli Afirika wina. Sanapite kunyumba, analunjika kwa a Filipo kukadandaula kuti wayilesi ndi sukulu zigwirizane chimodzi. A Filipo atafunsa masiku amene iwo amabwera, anawafotokozera mofatsa kuti yankho lililonse limakhala la funso la dzulo lake, ndiponso kuti ajekitivi ndi mtundu wa mawu m'galamala ya Chingerezi, alibe madzi ngakhale dontho. Anawafotokozera kachiwiri, chifukwa koyamba a Jailos anangoti kukamwa yasa.

Ndinawaperekeza kwawo chifukwa ankayenda ngati munthu wodwala malungo. Ndinawamvera chisoni kwambiri, ndipo manyazi anandigwira inenso. Tinapeza Dainess akusenda chinangwa kuseri kwa nyumba, diresi la sukulu atalivula kale. Bambo ake anayamba kumupepesa kuti amusocheretsa, kuti akanadziwa akanamusiya azimvera aphunzitsi okha, chifukwa dzina lenileni la mtsinjewo ndi lija ananena mnzake.

"Ndimalidziwa, ababa," anatero Dainess osadzutsa mutu. "Aphunzitsi anatiuza chaka chatha."

"Nanga bwanji sunalinene, mwananga?"

"Munali pawindo. Munali mutayamba kale kusekerera."

A Jailos anavula jekete lija. Anandipatsa kuti ndikabweze kwa mwini wake, anatola khasu, n'kupita kukapalira m'munda wa chimanga umene anali atapalira kale dzulo lake.