Mayi Chidindo ndi Kompyuta Yosadzuka

Achemwali anga agwira ntchito ya ukalaliki pa sekondale imodzimodzi kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Ana a sukulu amawatchula kuti Mayi Chidindo, chifukwa kalata iliyonse yotuluka pasukulupo imadutsa patebulo pawo, ndipo akamadinda, wodutsa pakhonde amamva. Anayambira pa makina a taipi achitsulo, aja ofuna zala zolimba. Kompyuta itabwera palibe anawatumiza kokaphunzira. Anaphunzira okha pa nthawi ya nkhomaliro, akulemba mukabuku chilichonse chomwe adina ndi zomwe zachitika akadina.

Kwathu ndiwo oyamba kubadwa, ndipo ngakhale ine wa imvi kale ndimakonza kolala ndikamalowa m'nyumba mwawo. Si munthu wa ndewu, koma zamphwayi sagwirizana nazo. Mphunzitsi akalemba dzina la mwana molakwika, amamubwezera pepala osanena kanthu, atangozunguliza dzinalo ndi cholembera chofiira.

Ofesi yawo ndi kachipinda kofinyika pakati pa ofesi ya ahedi ndi sitolo ya choko. Muli tebulo, kabati ya mafayilo yomwe chitseko chake amachigwiriza ndi pepala lopinda, zenera limodzi, ndi soketi imodzi ya malo awiri, a kompyuta ndi a pulinta.

Lolemba lina, mayeso otsekera teremu atatsala masiku atatu, anadina batani la kompyuta monga mwa masiku onse. Sikirini inayaka, chizindikiro chinaoneka, timadontho tija tinazungulira kangapo, kenako bii, mdima. Isanathe mphindi inayambanso yokha: chizindikiro, timadontho, mdima. Anaizimitsa, nadikira, nayatsanso. Chimodzimodzi. Mapepala onse a mayeso, omwe anawataipa kwa milungu itatu, anali m'menemo. Munalinso mayina ndi magiredi a ana onse odutsa pasukulupo kuyambira chaka chomwe kompyutayo inabwera.

Woyamba kulowa anali wachiwiri kwa ahedi, amene aliyense amangoti adepute. Anabwera pasukulupo zaka ziwiri zapitazo, munthu wa tayi tsiku lililonse, woyankhula ngati akuwerenga lipoti. Anayang'ana sikirini ikuzima ndi kuyaka, napukusa mutu, natuluka. Pofika nthawi ya tiyi, sitafu yonse inali itamva kuti Mayi Chidindo aononga kompyuta ndi kudinadina kwawo kwa anthu akale. Adepute ananenanso kuti makina amakono amafuna mitu yamakono, ndipo anakumbutsa anthu, osati koyamba, kuti mwana wa mchemwali wawo ali ndi satifiketi ya kompyuta koma akungokhala pakhomo.

Masana anabweretsa munthu wawo, wa chikwama chakuda. Munthuyo sanatsegule n'komwe bokosi la kompyutayo. Anangoiyang'ana ikuzungulira kawiri, n'kunena kuti mankhwala ake ndi amodzi basi, kufufuta zonse ndi kuika zatsopano, ntchito ya ola limodzi. Achemwali atafunsa za mafayilo, anakweza mapewa. Adepute anati aphunzitsi angathe kulembanso mafunso, ndipo zakalezo palibe amazifuna.

Apa mtima wa achemwali unawira. Mwezi ndi mwezi pamabwera anthu akuluakulu, ena obereka ana kumbuyo, omwe mapepala awo a sukulu anapsa kapena kunyowa, kudzapempha kalata yaumboni kuti apeze ntchito. Amene amawafufuzira ndi achemwali. Komanso katatu konse analemba kalata yopempha chipangizo chapadera chosungiramo mafayilo a mu kompyuta, ndipo makalata atatuwo anali mu kabati momwemo, osayankhidwa.

Anaimirira pakati pa munthuyo ndi tebulo.

"Muigwire muone," anatero. "Mufufuta ine kaye."

Ahedi ndi munthu wofatsa, wosafuna phokoso pafupi ndi chitseko chake. Anagamula kuti achemwali atenge kompyutayo kulikonse komwe akufuna, koma Lachitatu m'mawa ikapanda kuyaka, wa chikwama chakuda achita ntchito yake.

Ine ndimayendetsa takisi. Achemwali anandiimbira foni osandipatsa ngakhale moni, anangoti ndibwere pa geti. Ndinawapeza atakumbatira bokosilo, zingwe zili m'thumba la pulasitiki. Njira yonse anali kukalipa, koma osati kukalipira ine: ankayankha mawu a adepute limodzilimodzi ngati adepute ali pampando wakumbuyo. Nditayesa kunena kuti mwina makinawo angokalamba, anandiyang'ana, ine n'kuona kuti kuli bwino ndiyang'ane msewu.

Tinapita kwa mmisiri wina wachikulire yemwe anthu amamutcha a Waya. Anayambira kukonza mawailesi, kenako ma TV, ndipo pano chipinda chawo cha kuseri kwa malo ometera chadzaza ndi makompyuta otsegulidwa mimba. Amagwira ntchito pang'onopang'ono, zomwe tsiku limenelo zinali ngati kuthira palafini pamoto. Achemwali ankafuna yankho pompo. A Waya anati kompyuta yongoyambayamba ili ngati mwana wolira: mwina ndi njala, mwina kutentha, mwina chamubaya, ndiye sungayambe ndi opaleshoni.

Anayamba ndi kuilumikiza yokhayokha, yopanda pulinta, yopanda mausi, pa soketi yawo ndi chingwe chawo. Inazungulirabe. Anati ndiye kuti vuto si chingwe. Anamasula timisomali ta m'mbali, ndipo atachotsa chivundikiro, fumbi loyera la choko linali phathiphathi pa fani ngati ufa. Achemwali anatukwana chapansipansi, mawu omwe sindinawamvepo pakamwa pawo, chifukwa za khoma lobooka la sitolo ija anadandaulanso kalekale. A Waya anapukuta ndi kabulashi, naona kuti fani ikuzungulira bwino. Kenako anazula timapulanga tiwiri tobiriwira tomwe anati ndi tokumbukira, natsuka mano ake agolide ndi labala ya pensulo, nabwezera kamodzikamodzi, akuyatsa nthawi iliyonse. Palibe chinasintha.

Dzuwa litapendeka anatiuza kuti tibwerenso mawa. Achemwali anakana kuisiya, poopa kuti wina aifufuta iwo kulibe. Inakagona kwawo, pa tebulo lodyera, ndipo alamu anga anadyera pamiyendo osafunsa funso.

Lachiwiri a Waya anati zitsulo zonse zili bwino, ndiye matenda ali m'mapulogalamu. Anaizimitsa dala katatu ili pakati poyamba, mpaka inatulutsa sikirini ya buluu yofunsa chochita. Kuchokera pamenepo anailowetsa pa khomo lina, lomwe kompyuta imadzuka ndi zinthu zochepa zokha, zilembo zili zikuluzikulu zosaoneka bwino. Mafayilo onse anali pomwepo. Achemwali sanamwetulire. Analamula kuti asanachite china chilichonse akopere zonse, ndipo anaimirira pambali akuwerenga mafoda ndi chala mpaka lomaliza.

Atatero a Waya anafufuza, n'kupeza kuti kompyutayo inkadzikonza yokha, kuika zatsopano monga imachitira nthawi ndi nthawi, koma ntchitoyo inadukira pakati. Anati ili ngati munthu wovula buluku mwendo umodzi, wina n'kumukankha. Anafunsa ngati magetsi anazima Lachisanu madzulo, chifukwa makinawo analemba okha kuti anathima mwadzidzidzi patadutsa mphindi makumi awiri kuchokera folo koloko.

Magetsi sanazime tsiku limenelo. Achemwali anafotokoza kuti anaweruka folo koloko, sikirini ikunena kuti isazimitsidwe, ndipo anaisiya yoyaka atamata pepala lolemba zilembo zazikulu kuti MUSAZIMITSE. Kenako ananena pang'onopang'ono kuti Lolemba m'mawa, asanayatse, anawerama kuzula pulagi ya ketulo pa soketi kuti abwezerepo ya kompyuta. Mutu unali pa mayeso, ndiye sanaganizepo kanthu. Ketulo yamagetsi pasukulu ponsepo inali imodzi, ya adepute, ndipo makiyi a kachipindako anali ndi anthu atatu okha.

A Waya anachotsa zomwe zinadukira pakatizo, nabwezera kompyuta mmene inalili sabata yapitayo. Timadontho tinazungulira nthawi yaitali moti ine ndinatuluka panja. Nditabwerera inali itayaka bwinobwino, achemwali akulemba mukabuku kawo sitepe iliyonse, akuwafunsa a Waya kuti abwereze pomwe sanamve.

Zomwe zinachitika Lachitatu ndinazimva kwa eni ake komanso kwa mphunzitsi wina amene ndimamunyamula. Achemwali anapulinta mapepala onse a mayeso, nawapereka kwa ahedi. Nthawi ya tiyi analowa mu sitafu, chipinda chomwe salowamo wamba, atanyamula ketulo ija yomwe inali ikadali pansi pa tebulo lawo. Anaiika patsogolo pa adepute, pambali pake naikapo pepala la MUSAZIMITSE.

"Bambo, munauza anthu awa kuti ndine wakale, sindidziwa makina. Ine wakaleyo ndimatha kuwerenga. Inu a masatifiketi, mawu amodzi awa anakukanikani pati?"

Adepute poyamba anakana. Atauzidwa tsiku ndi mphindi yake, anaseka n'kunena kuti soketi ya mu ofesi mwawo inafa, ndipo anangozula kwa mphindi zisanu kuti awiritse madzi, sankadziwa kuti n'chinthu chachikulu. Achemwali anawafunsa chifukwa chomwe sananenere zimenezo Lolemba, pamene ankawapaka matope pamaso pa anzawo ndi kubweretsa munthu woti afufute ntchito ya zaka zonsezi. Anawauzanso kuti ngati akufuna mpando wa kalaliki kuti apatse m'bale wawo, apemphe masana poyera, osati kudzera pa soketi.

Ine ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, wolakwa apepesa. Koma Lachisanu ahedi anaitana achemwali, nawapatsa pepala lolembedwa pamanja kuti alitaipe. Inali kalata yochenjeza kalaliki chifukwa chonyoza akuluakulu pamaso pa aphunzitsi. Dzanja linali la adepute. Ahedi anayankhula akuyang'ana pawindo, kuti n'zongotsatira dongosolo, asazitengere kumtima, ndipo palibe wina pasukulupo woti angaitaipe.

Anaitaipa. Munali mawu anayi olembedwa molakwika, anawakonza. Kenako anataipa yankho lawo la masamba awiri, lofotokoza zonse ndi masiku ake, namatako makalata atatu aja osayankhidwa, napempha kuti zonse zilowe mu fayilo imodzi. Za ketulo palibe analandira kalata.

Mayeso analembedwa pa tsiku lake. Chosungiramo mafayilo chinagulidwa teremu yotsatira, ndipo pa msonkhano wa makolo adepute anachitchula ngati imodzi mwa nzeru zomwe iwo abweretsa pasukulupo. Achemwali anali pomwepo, akulemba zokambirana.

Kuyambira nthawi imeneyo, Loweruka lililonse m'mawa amapita kwa a Waya. Amakhala pa benchi ndi magalasi awo, kumasula makompyuta a anthu, kupukuta mafani, kufunsa mafunso mpaka mkuluyo kudandaula kuti mutu wamuwawa. Makalaliki a masukulu ena ayamba kuwaimbira makina akavuta, ndipo chinthu choyamba chomwe amawauza ndi chakuti asalole munthu kufufuta kanthu asanakopere. Kwa adepute, achemwali amayankha za ntchito zokha, moni wawo amayankha ndi mutu.

Mwezi wathawu, tili pa chakudya kunyumba kwawo, ndinayesa kuwauza kuti papita chaka, mkwiyo umadwalitsa mwini wake, angokhululuka. Alamu anandiponda phazi pansi pa tebulo koma ndinali nditayankhula kale. Achemwali anaika supuni pansi, nandifunsa ngati munthuyo wandituma. Nditati ayi, anati kukhululuka amakudziwa, koma amakhululukira munthu amene wabwera kudzanena kuti ndinalakwa, ndipo ofesi yawo ili masitepe khumi okha kuchokera pa ya adepute. Anatha milungu iwiri osayankha foni yanga. Anadzandiimbira okha Loweruka lapitali, kuti ndikawatenge ndi makompyuta awiri a sukulu ya pulayimale, ndipo ndisachedwe.