Nkhope ya Mayi Ake a Stefano

Stefano wojambula zithunzi ndi uja wa kasitolo kachikasu pa msewu wopita ku boda, pakati pa wometa tsitsi ndi mayi wogulitsa zitenje za ku Zambia. Mukamuona lero, malaya osita, magalasi pamphuno, mungati ndi mwana wa pa boma. Ayi ndithu. Anabadwira pa esiteti ya fodya kupitirira Mkanda, m'kanyumba ka matenanti kamene mvula ikamagwa mumakhala ngati muli panja. Makolo ake anachokera ku Dedza kudzalima fodya wa eni ake. Ana anali awiri basi, mlongo wake Mwai, kenako iyeyo.

Mayi ake anamwalira iye asanadziwe n'kulankhula komwe. Anadwala nyengo yosoka fodya, anawaika kumapeto kwa esiteti kumene amaikako alendo, pakuti kunyamula thupi mpaka ku Dedza akanatha ndani? Bambo ake anagwera mu kachasu, kenako anasamukira esiteti ina n'kukwatira mkazi wina. Mwai ndiye anamulera, kamtsikana kubereka mwana mnzake kumbuyo.

Cha amayiwo chinatsala ndi chithunzi chimodzi. Kunabwera wojambula wa panjinga tsiku lina matenanti akumanga mabelo, n'kuwaimika onse kutsogolo kwa chigafa, anthu ngati mpingo. Mayi a Stefano ali kumapeto kwenikweni, duku kumutu, nkhope yaing'ono ngati njere ya mtedza. Ndiye nthawi imene wojambula amadina iwo anatembenuka, kaya mwana analira, kaya inali ntchentche. Pamene payenera kukhala maso pali kamthunzi chabe.

Kamthunzi kameneko kanamutsata Stefano moyo wake wonse. Ali mwana, akaona mayi wa duku mumsika atapereka msana, amathamanga kukamuzungulira kuti amuone kumaso. Atakula anasiya kuthamanga koma khosi silinasiye kutembenuka. Amafunsa mlongo wake mpaka kutopetsa.

"Achemwali, amayi anali otani?"

"Ndikatseka maso ndimawaona bwinobwino, ngati aima apa."

"Ndiye fotokozani. Mphuno yawo?"

"Mphuno anali nayo."

"Achemwali!"

"Nanga ndinene chiyani iwe? Anali amayi basi."

Ntchito yojambula anaiyamba monyamulira chikwama bambo wina wojambula maukwati. Kenako anapeza kamera yake, n'kumajambula za mapasipoti, za zinkhoswe, za ana omaliza sukulu. Koma chimene chinamutchukitsa ndi maliro. Anthu amabwera ndi zithunzi zakale, zong'ambika, zodyedwa ndi chinyezi, kuti awakulitsire aike pa bokosi, ena pa malaya a tsiku loonetsa chipilala. Stefano amazikonza pa kalaputopu kake kakale, kamene kakatentha kamalira ngati chigayo kenako n'kuzima. Anabweza nkhope za anthu ambiri kwa eni ake. Ya mayi ake yokha imakana. Akaikulitsa pamatuluka timabokosi totuwa basi.

Amene anabweretsa nkhaniyo ndi Joe, mnyamata wa ku Chipata amene amaoloka boda ndi zida za makompyuta m'chikwama cha kumsana. Anati kunabwera mapulogalamu atsopano amene amatenga nkhope yosaoneka n'kuitulutsa mpaka nsidze, koma amafuna makina amphamvu, osati chigayo chakecho. Kuyambira pamenepo Stefano sanalinso munthu. Pakudya maso pa foni, kutchalitchi maso pa foni, kuwerenga za zida. Mkazi wake Princess, mayi wa mwana wawo Kwacha, anayamba kuganiza kuti kuli mkazi wina. Ataona kuti ndi zithunzi za mawaya anati bola akanakhala mkazi, akanadziwa pokamupeza.

Tsiku losankha zida Joe anakhala pa kauntala, foni m'manja, Princess pa benchi atapinda manja.

"Ba Stefano, manje mverani," anatero Joe m'Chinyanja chake cha kwawo. "Pulosesa ndiye mutu wa makina. Tengani yabwino, koma musapenge nayo. Ntchito ya nkhope imagwiridwa ni iyi, khadi ya gilafiki."

Anaonetsa chinthu chachikulu ngati njerwa, cha mafani ake.

"Ndikufuna ya memore yaikulu," anatero Stefano. "Yaing'ono imatsamwa chithunzi chikakula. Ramu yofulumizitsa makina nayonso ikhale yambiri, ndatopa n'kudikira."

"Mwawerenga, mudala! Ndiye ndili nayo ina yogwirapo kale ntchito, yamphamvu maningi, yotchipa."

"Ayi."

"Ili bwino chabe, ndinaiyesa ndekha."

"Sindikufuna chinthu chimene chinaonapo nkhope za anthu ena."

Joe anaseka mpaka kugwira kauntala. Anati khadi sisunga kanthu, ukazimitsa magetsi imaiwala zonse ngati chidakwa. Stefano sanaseke. Anati yatsopano, yomata m'katoni mwake. Princess anamuyang'ana mwamuna wake.

Anapitiriza. Pawa sapulayi, kabokosi kogawa magetsi, anasankha yamphamvu chifukwa khadi ija imadya magetsi ngati mbaula. Anaonjezera batire yoti magetsi akazima makina asafe ntchito ili pakati. Bokosi loikamo zonse anati likhale ndi sefa, pakuti fumbi la mathiraki a pa boda limalowa ndi m'kamwa momwe. Pofika pa sikilini ndi pamene panabuka mkangano. Stefano amafuna yodula, yoonetsa mitundu yeniyeni.

"Sikilini ndi sikilini, bambo a Kwacha," anatero Princess. "Yomwe muli nayoyo yachita chiyani?"

"Imaonetsa munthu wakuda ngati wadzola phulusa. Ndikufuna ndione khungu lawo mmene linalili."

"Lawo ndani?"

Stefano anabwezera maso pa foni ya Joe. Princess amadziwa kale, anangofuna amve ngati anena.

Joe, poona kuti malonda akuzizira, anatulutsa chithunzi cha bokosi lagalasi loyaka nyali zofiira ndi zobiriwira m'kati ngati basi ya ukwati.

"Nyalizo zimajambula?" anafunsa Princess.

"Sizijambula, amayi, zimaitana makasitomala. Makina awa amaseweretsa magemu. Mpira, nkhondo, mipikisano ya magalimoto. Osintha ndalama a pa boda aja amangokhala pansi pa mtengo tsiku lonse kuyasamula, mukuganiza sangabwere?"

Apo Princess anamasula manja. Anati chabwino, sikilini yodulayo igulidwe, koma nyali nazonso zibwere, ndipo masana makinawo azigwira ntchito ya amoyo. Stefano sanafune kuti anthu azikuwa zigoli pamalo pamene mayi ake adzatulukire, koma anavomera. Anagulitsa njinga yake yamoto, n'kubwerera pa yakapalasa.

Zida zinabwera pang'onopang'ono, lero ichi, sabata ina icho. Anazimanga Lamulungu ataweruka kutchalitchi, chitseko chotseka, Joe akumanga tizitsulo, Stefano atagwira tochi. Makina atayaka Joe anaikamo pulogalamu ija n'kuthamangira boda isanatsekedwe. Stefano anatsala yekha, dzuwa likulowa pa zenera. Anaika chithunzi chija pa sikana, anadula kankhope kakumapeto, n'kudina.

Mafani anayamba kulira ngati mphepo ya mvula. Kamthunzi kaja kanayamba kusungunuka. Panatuluka chipumi, nsidze, kenako maso, ndipo masowo amayang'ana iyeyo. Mayi wa duku, wamng'ono kuposa iye mwini, akumwetulira pang'ono. Stefano anapezeka wagwada pansi. Anakuwa kuitana mkazi wake.

Princess anayang'ana nthawi yaitali. "Ngokongola," anatero. "Koma mano oyera chonchi, pa esiteti?"

Stefano anati mwina pulogalamu yawalitsa kwambiri, adinenso kuti ikonze. Anadina. Panatuluka mayi wina. Duku lomwelo, mapewa omwewo, chigafa chomwecho kumbuyo, koma uyu wamasaya, maso otalikirana. Anadinanso. Wina, wowonda, wooneka ngati wakwiya. Anaimbira Joe foni mawu akuthawa.

"Ba Stefano, siyiona iyo," anatero Joe. "Imaganizira chabe. Inaphunzira pa nkhope za anthu ambirimbiri, ndiye ikapeza mthunzi imaikapo imene ingakwane. Ndimayesa mukudziwa."

Munthu wanzeru akanasiyira pomwepo. Koma Stefano anaganiza kuti pa azimayi onsewa mmodzi ayenera kukhala wolondola, ndipo pali munthu mmodzi padziko amene angamuloze. Anatumiza uthenga ku Mlonyeni, kumene Mwai anakwatiwa n'kumalima mtedza.

Mwai anabwera m'mawa pa kabaza, kathumba ka mtedza pamiyendo. Stefano anamukhazika pa mpando wabwino kutsogolo kwa sikilini yodula ija. Sanamuuze kuti azimayiwo alipo angapo. Anaonetsa woyamba.

"Mayi ine!" Mwai anagwira pachifuwa. "Amayi!"

Misozi inatsika. Koma Stefano anafuna kutsimikiza. Anaonetsa wachiwiri.

Mwai anapukuta m'maso. "Dikira. Awa ndani?"

"Yang'anitsitsani, achemwali."

"Maso ndi awa. Eya, maso ndi awa. Koma pakamwa ndi pa oyamba aja. Bwezera. Ayi, pita kutsogolo. Alipo enanso?"

Analipo. Anawadutsitsa mmodzimmodzi, Mwai atayandikira mpaka mpweya wake kuchita nthunzi pa galasi.

"Mphini zili kuti? Anali ndi mphini apa." Anagwira tsaya lake.

Stefano anajambula timizere pa tsaya la mayi wa pa sikilini.

"Osati mbali imeneyo. Inayo."

Anasuntha.

"Kapena inali yomwe ija. Kaya. Bwezera wa masaya uja ndione."

Anakhala choncho mpaka dzuwa kufika pamutu, nkhope kubwera, nkhope kupita. Princess anabweretsa tiyi, palibe anamukhudza. Kenako Mwai anatsamira kumbuyo n'kutseka maso. Anakhala chitsekere. Stefano anaona zikope zake zikugwedezeka ngati munthu wofunafuna chinthu m'chipinda chamdima.

"Zimitsa," anatero Mwai.

"Bwanji, achemwali?"

"Sakubwera."

"Ndani?"

"Amayi. Ndikutseka maso akubwera ndi azimayi akowa. Wa mano uja, wa masaya uja, wokwiya uja. Akukankhana. Amayi palibe."

"Mwatopa chabe. Mukagona abwera."

Mwai anadzuka, anamanga chitenje, n'kutuluka osatsanzika. Mtedza uja anausiya pansi pa mpando.

Stefano anadikira masabata angapo, kenako anapalasa njinga mpaka ku Mlonyeni. Anamupeza mlongo wake pakhonde akuswa mtedza. Atapatsana moni Stefano anakhala pambali pake, makoko akusweka.

"Amayi abwera?" anafunsa.

Mwai anapukusa mutu, maso pa lichero.

"Ndimawasunga ine kuyambira ndili kamtsikana. Sindinawataye pa esiteti, sindinawataye pa ukwati, ngakhale pamene ndinadwala kuja. Ndimati ndikakwiya ndi alamu ako ndimatseka maso, ndiwaona, mtima ukhala pansi. Iwe unalibe, Stefano, ndimakumvera chisoni. Tsopano tilibe tonse."

Sanamukalipire. Anamuphikira, anadya, anamuperekeza mpaka pa msewu. Koma kusitolo kuja Mwai sanapondekonso. Akabwera pa boma amaima tsidya la msewu n'kutuma wa kabaza kuti akamuitane.

Makinawo akugwira ntchito mpaka lero, ndipo ndi abwino, tisanamizane. Zithunzi za ukwati zimatuluka anthu akuda ali akuda bwinobwino. Masana osintha ndalama amadzaza benchi, nyali zikuthwanima, kutukwanizana pa mpira wa m'galasi. Za maliro akukonzabe, koma munthu akabwera ndi chithunzi chimene nkhope yake inafufutika, Stefano amachibweza. Amati apa palibe chimene ndingachite. Ena amakwiya, amati makina onsewa ndi a chiyani nanga.

Azimayi aja akadali momwemo. M'mawa asanatsegule chitseko amawatsegula, n'kumawayang'ana mmodzimmodzi, iwonso akumuyang'ana. Tsiku lina Princess anamupeza ali pomwepo, tsache m'manja.

"Bambo a Kwacha, afufuteni anthu amenewa. Si abale athu. Sanabadwe, sanafe, palibe kumene anaikidwa."

"Ndikudziwa."

"Ndiye mukudikira chiyani?"

Stefano anaika dzanja pa mausi. Kamuvi kanayenda pa sikilini, kanaima pa wa mano oyera, kanapita pa wamasaya, kanabwerera. Panja thiraki inadutsa, mawindo ananjenjemera.

"Achemwali analira pa woyambayu," anatero. "Koma anati maso ndi a uyu."

"Bambo a Kwacha."

"Chabwino, ndifufuta. Undiuze iwe, ndiyambe ndi uti?"