Nsomba Zikadya, a Petronela Amadya

A Venansio a ku Bangwe anabadwira ku Nsanje, kumene nsomba ndi ndiwo basi. Ukanawauza ali mnyamata kuti tsiku lina adzadandaula ndi tinsomba totalika ngati chala, akanakuseka mpaka kugwa m'bwato. Anabwera ku Blantyre ndi kachikwama kamodzi, nagwira ntchito yokolopa pa loji ina ku Limbe mpaka imvi zinamera. Lojiyo itatsekedwa mu 2011, anzawo analimbirana mipando ndi makatani. Iwo, posafuna kukangana, anatsala ndi thanki yagalasi imene ankaitsuka, pamodzi ndi tinsomba take tabuluu totchedwa mbuna. Anaikweza pa wilibala n'kupita nayo kwawo.

Chaka chotsatira akazi awo, a Petronela, anagwa pamsika pomwe ankagulitsa tomato. Sitiroko inapha mbali ya kumanja, n'kutenganso mawu. Mayi amene akamaitanira malonda ankamveka mpaka kusiteji anangokhala duu pampando. Choopsa kwambiri chinali choti anakana kudya. Phala likayandikira, ankaluma mano. A kumphakati anabwera kudzapemphera kolona, mwana wawo Madalo analira pafoni ali ku Joni, koma ayi ndithu. Mayi ankangotha thupi, a Venansio akuona.

Tsiku lina, atatopa n'kunyengerera, anaika mbale pansi n'kukawaza chakudya muthanki. Mbuna zinathamangira pamwamba, kulimbirana ngati makondakitala ataona pasinjala. A Petronela anaseka ndi theka la kamwa. A Venansio sanataye nthawi, analowetsa supuni, ndipo phala linatsika.

Kuyambira pamenepo nsomba zikadya, a Petronela ankadya. Bambo aja ankawaza m'mawa, masana, madzulo, ngakhale pomwetsa mankhwala. Chakudya chogula chitatha anayamba kusinja usipa ndi gaga. Masaya a mayi anabwerera, ndipo a Venansio anasangalala moti anayambiranso kuimba m'kwaya ndi mawu awo osokosera aja.

Koma mvula ikakuona litsiro siikata. Madzi a muthanki anayamba kuchita chikasu. Nsomba zinkapuma mwaphuma, zipsepse zitapindika, zina kumadzikhula pamiyala. M'mawa wina imodzi inapezeka itayandama chagada. A Venansio anaivuula mobisa, koma mayi anali ataona, ndipo tsiku limenelo sanatsegule pakamwa. Bambo anatsuka siponji ya pampu yosefa madzi a muthankimo, osathandiza. Mipopi inali itauma, choncho madzi akaphwera ankathiramo a mvula a m'diramu, n'kumadzitama kuti nsomba zawo zikumwa oyera ochokera kumwamba pomwe iwo akumwa a pamjigo. Inafanso ina.

Anatunga madziwo m'kabotolo n'kukwera minibasi kupita kwa Che Ismael ku Limbe, amene kale ankabweretsa nsomba kuloji kuja. Che Ismael anaviika kapepala koyezera m'botolomo, kenaka anapukusa mutu.

"Madala, pH yagwa zoopsa. Madziwa asanduka asidi, awawasa ngati thobwa logonetsa. Mbuna zimafuna madzi olimba. Mukuthira ati?"

"A mvula enieni, Che Ismael."

"Ndiye mwalakwa pamenepo. A mvula alibe mphamvu yoletsa kuwawasa. A pamjigo ndiwo abwino. Sinjani zigoba za nkhono, mumange pakansalu, muike pafupi ndi pampu. Madzi muzichotsako pang'ono pang'ono, osati onse, zingafe ndi shoko. Nanga mumazidyetsa kangati?"

A Venansio anayang'ana pansi. "Akamadya mayi kunyumba."

"Ayi, madala, simahotela amenewa. Zotsala ndi zitosi zikuwola pansipo, n'zimene zikupanga asidi. Kamodzi patsiku, kachitsine kamodzi. Mukapitiriza, zigoba sizikupulumutsani, zitha zonse."

A Venansio anangothokoza n'kutuluka. Munthu ungamuuze bwanji kuti akazi ako moyo wawo uli m'kamwa mwa nsomba? M'minibasi mtima unkawawa. Akachepetsa chakudya, mayi agona ndi njala. Akapitiriza, nsomba zitha, ndipo mayi adzagonabe ndi njala.

Zigoba anatola kudambo, nasinja mumtondo. Madzi a pamjigo anasenza okha, amayi apamzere akuwaseka kuti madala akusambitsa ndiwo. Za chakudya anaganiza nzeru: m'mawa ankawaza zenizeni, koma masana ndi madzulo ankangotikita zala zopanda kanthu pamwamba pa madzi. Mbuna zinkabwera chothamanga, mayi n'kumadya. Madzi anayamba kuyera, kapepala kamene Che Ismael anawapatsa kanasintha mtundu, ndipo nsomba zinaleka kufa. A Venansio anadziona ngati munthu wochenjera kwambiri m'Bangwe yense.

Nsomba si chitsiru. Patapita masiku zinazindikira kuti zala za masana n'zabodza. Zinkangosuzumira, n'kubwerera kumiyala kwawo.

Masana ena a Venansio anatikita zala mpaka dzanja kutopa. Panabwera kansomba kamodzi kokha, nako kanatembenuka. Anatunga phala n'kuyandikiza supuni.

"Amake Madalo, idyani. Zakhuta izi, taonani mimba zake."

A Petronela sanayang'ane thanki. Anatambasula dzanja lawo lamoyo lija, nagwira dzanja la amuna awo, n'kuyamba kufunyulula zala chimodzichimodzi. M'manjamo munalibe kanthu. Anawayang'ana nthawi yaitali, misozi ili chuchuchu, kenaka anatseka pakamwa n'kutembenukira kukhoma.

A Venansio anachita manyazi kuposa tsiku lililonse la moyo wawo. M'banja lawo lonse anali asanawanamizepo mayiwa, ndipo anadzawanamiza pamene sangathe n'kuyankha komwe.

"Ndikhululukireni," anatero.

Anatsegula kachitini ka usipa wosinja, natapa chitsine chachikulu, akuonetsa poyera, n'kuwaza. Mbuna zinavundula madzi. A Venansio anaona tinyenyeswa tikumira pansi pakati pa miyala, ndipo ankadziwa bwino chimene tikachite kumeneko. Anadikira supuni ili m'manja. Patapita kanthawi a Petronela anatembenuka, n'kuyasamula pang'ono.