Timabowo ta pa masiki ya a Pitala

A Pitala a kwa Maganga akhala akumata mabwato zaka makumi atatu. Bwato likayamba kulowa madzi, asodzi amathamangira kwa iwo. Bambo amenewa bowo saliona n'kulisiya, ngakhale la pa ndowa ya eni ake.

Chifuwa chitawafooka, mwana wawo Alex wa ku Joni anatumiza makina owathandiza kupuma pogona, ndi masiki yake yovala kumphuno. Namwino Sharon anabweretsanso kachipangizo kena konga foni, kokhala ndi kapaipi.

"Mayi," Sharon anauza a Tionenji, akazi a bambowo, "m'mawa uliwonse azipumira umu. Kamayeza mpweya woipa wotsalira m'thupi. Nambala ikapitirira fifite, basi, akagonekedwa ku Lilongwe. Mpweya umenewo umagonetsa munthu osadzukanso."

Sukulu a Tionenji analekezera sitandade thuu, koma manambala amawadziwa, ndi a pa foni omwewa. Sabata yoyamba, fote-thuu. Kenako fote-sikisi. Lachinayi fote-naini, bambo akudandaula mutu, n'kumasinza kapu ya tiyi ili m'manja.

Chasintha n'chiyani? Mayi anatulutsa mbaula panja. Anatsegula mawindo onse. Ananunkhiza m'matumba ngati bambo abwerera ku fodya. Ayi ndithu.

Lachisanu m'mawa mayi akutsuka masiki ija, anamva fungo lomwe akhala akulichapa pa malaya a bambo chikwatiwireni. Phula! Timabowo ta kutsogolo kwa masiki tonse tomatidwa bwinobwino, ntchito ya katswiri.

"Bambo a Alex, ichi n'chiyani?"

"Chimathawitsa mpweya, fyoo, fyoo. Mwana wathu anamugulitsa chobooka. Ndakonza."

"Mwakonza?"

"Nanga inu bwato lobooka mungakwere?"

Mayi anaimbira Sharon. Namwinoyo anakuwa pa foni mpaka nkhuku zinabalalika. Timabowoto ndi potulukira mpweya woipawo. Masiku onsewa bambo amapuma womwe atulutsa okha.

A Tionenji anatenga singano n'kuwapatsa bambo.

"Mwamata nokha. Boolani nokha."

A Pitala anakhala pakhonde, n'kumatokosa kabowo kamodzikamodzi, nkhope ngati akugwetsa nyumba yawo yomwe. Lamulungu nambala inatsika, fote-firii. Ku Lilongwe sanapite.

Chitini cha phula chimagona kwa aneba tsopano. Masiki ikati fyoo, zala za bambo zimayabwabe, koma mayi amangowayang'ana.